Mluzu Umene Sindinkaudziwa

Tinanyamuka ku Chibanja chifunga chisanabalalike,
pa galimoto yobwereka kwa alamu, chitseko chimodzi chomangira chingwe,
mbatata yophika m'kontena, Sobo wosungunula kale,
Dokiso atavala nsapato zoyera za kutchalitchi
ngakhale ndinamuletsa kawiri.

Seputembala. Majuzi tinali titawapinda sabata yathayo.
Jakaranda wa pa Katoto anali atayamba kuwaza maluwa pamsewu,
ndipo titasiya phula, fumbi likutilondola ngati ngongole,
mitengo ya mombo inatichingamira ndi masamba ofiira,
anthete ngati khutu la khanda.
"Yapsa?" anafunsa Chawanangwa.
"Ayi, ikubadwa kumene," anatero bambo ake,
maso ali pa maenje.

Cha ku Choma mlonda anatilemba m'kope lopanda chikuto.
Kuseri kwa waya, pamene moto unadutsa mwezi watha,
msipu unali utaboola phulusa osadikira mvula,
ndipo ng'ombe zinali pomwepo, zambirimbiri,
akakowa akuyenda pakati pa miyendo yawo
ngati anamwino pa wodi.

Ana anga amadziwa mkaka wa m'pepala,
woluma pakona ndi mano.
Chawanangwa ataona bere anabisa nkhope m'chitenje changa,
kenako anasuzumira,
kenako anapempha kukama.
Madontho atatu m'chidebe, ena onse pa diresi.
Dokiso anaponda ndowe yofunda ndi phazi lamanzere,
nalira, nasiya, naponda dala ndi lamanja
kuti nsapato zifanane.

Mwamuna wangayu ndimamudziwa ali wowerama
m'kabenchi ka pamsika, kasikuludiraiva m'zala,
akutsegula mimba za mafoni a anthu.
Zaka khumi ndi ziwiri.
Ndimadziwa chifuwa chake, ngongole zake, nyimbo imene amaiphonya.
Sindinkadziwa kuti ali ndi mluzu.

Anaika zala ziwiri pakamwa.
Unatuluka wautali, wokhota kumapeto ngati nyanga,
ndipo ng'ombe zonse zinapitiriza kudya
kupatula imodzi, yofiirira, ya banga pamphumi,
imene inadzutsa mutu, udzu uli lende pakamwa,
n'kumuyang'ana ngati munthu amene wamuiwala dzina.

"Ya kwathu ku Euthini inali chonchi," anatero.
"Tinkaitcha Nyamazgo.
Inapita ndi fizi yanga ya Fomu Wanu.
Ndinaiperekeza ndekha mpaka pa lole."
Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso,
nawerama kuichotsa nkhupakupa kuseri kwa khutu
ndi zala zomwe zija, mosamala momwe muja.

Mnyamata wobusa, Fumbani, wailesi ili pakhosi,
anati nambala yake ndi sikisite-foro, ilibe dzina.
Chawanangwa anati ndiye kuti lero yalipeza.

Tinadya pansi pa msuku wosapsa zipatso.
Nyenje zinayamba, imodzi, kenako thengo lonse.
Ntchentche zinadya nafe osaitanidwa.
Bambo awo anagona chagada pa udzu, chipewa kumaso,
foni yake ikulira m'thumba katatu
iye osaigwira.
Ine ndinkangowerenga mabala a minga m'miyendo yake,
akalekale, oyererako,
amene ndakhala ndikuwaona usiku uliwonse osafunsa.

Pobwerera tinagula chambiko m'botolo la mafuta ophikira.
Galimoto inanunkha khola mpaka pa Luwinga,
alamu adzadandaula, adandaule.
Ana anagona mitu itagundana.
Magetsi a m'tauni atayamba kuoneka m'munsimo,
ndinamva kumbuyo kamphepo kotuluka ndi malovu:
Dokiso, maso ali chitsinzinire,
zala ziwiri pakamwa,
akuyesa.